Galimoto ya Che Yasini Inkakana Kukhota Kumanja

Tazimitsani kaye kafoni kameneko. Inde Tadala, ndikunena iwe. Chiyambire m'mawa mwaunjikana pakhonde langa mitu pamodzi kuonera timagalimoto ta mpikisano ta kunja uko, tafupitafupi ngati tapondedwa ndi lole, ndipo ndakupirirani. Koma mawu wanenawa, akuti amisiri a galimoto ija ndi mbuzi chifukwa alephera kuiletsa kudumphadumpha, amenewo ndiye andipsetsa mtima. Iwe amene tcheni cha njinga yako chakhala chikulira kuyambira mwezi watha, lero ukutukwana anthu a ntchito zawo? Khalani pansi nonse ndikuuzeni. Mphatso, usandiyang'ane choncho, ndikudziwa kuti mukuti nkhalamba yayambanso.

Inu ana a masiku ano mumaganiza kuti mpikisano ndi dalaivala basi, kuponda moto n'kumapita. Simudziwa kuti kukonza galimoto ndi kwina, kuitchera ndi kwinanso. Yowonongeka ndi yosavuta, umapeza chathyokacho, n'kusintha, n'kukasamba m'manja. Koma ya mpikisano imabwera kwa iwe ili yamoyo, palibe chathyoka, dalaivala n'kumati siili bwino. Ukaitsitsa kuti igwire msewu, mimba yake ikhula pansi. Ukaikweza, iyamba kupendama pakona. Ukafewetsa masipuling'i a kutsogolo, kumbuyo kukwiya. Ukonza ichi uwononga icho, ndipo ukati tsopano zagwirizana, kumwamba kusintha. Awo mukuwasekawo ali ndi makompyuta odzaza chipinda, komabe taonani mmene nkhope zawo zakwinyikira. Ine ndikuwamvetsa chifukwa ndinalawako, ngakhale kuti yanga inali galimoto ya m'fumbi.

Ndinapita ku esiteti kuchokera ku Thekerani ndili wamng'ono, wapansi, nditanyamula makaka m'kathumba. Makaka simuwadziwa inu, chinangwa chouma chofuna mano enieni, osati anuwa ozolowera mabanzi. Ndinayamba ndi kupalira m'tiyi, kenako anandiponya ku galaja. Kumeneko kunalibe makina okuuza vuto ngati lero. Tinkaika nsonga ya sikuludalaiva pa injini ikulira, chogwirira n'kuchikanikiza ku khutu, n'kumamvetsera. N'chifukwa chake khutu ili linagontha, musamandiseke ndikamati mwati chiyani. Pofika pakati pa moyo wanga ndinali mkulu wa galaja, mathalakitala ndi malole onse a tiyi ankadutsa m'manja mwangamu. Ndipo ndinene zoona, ndinali wodzimva. Munthu akabwera ndi maganizo ake ndinkamuuza kuti apite akandibweretsere nambala.

Masiku amenewo, nyengo yozizira tiyi akachepa, anthu a mpikisano wa magalimoto ankapempha misewu ya m'maesiteti. Tsiku limenelo ntchito inkaima, anthu n'kundanda m'mbali mwa minda kuonera fumbi lofiira. Oyendetsa ambiri anali azungu ndi amwenye a m'tauni. Ndiye chaka china kunatulukira Che Yasini.

Che Yasini anali munthu wa malole wa ku Bvumbwe, amene ankatinyamulira tiyi kupita naye ku Limbe. Anali wamfupi, wosekaseka, bambo wa ana asanu. Anagula galimoto ya mpikisano kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, pamodzi ndi buku lake lofotokoza katcheredwe. Anabwera nayo ku galaja Lolemba, mpikisano uli Loweruka, bwana manijala atavomera kuti ndimuthandize.

"Achimwene Lingisoni," anatero, "ine kuyendetsa ndimadziwa, koma za m'kati mwa chitsulochi ayi. Inu mukanena kuti galimoto ili bwino, ine ndikwera osafunsanso. Mukati ayi, ndikhala."

Mawu amenewo anandikomera m'makutu. Sindinaone kuti munthuyo wandisenzetsa moyo wake. Pamsewu wa mpikisanowo panali kona imodzi yoipa, yokhotera kumanja, pamwamba pa damu la esiteti. Unkafikapo ukutsetsereka, uli pa liwiro, ndipo kumanzere kwake kunalibe mtengo kapena chitsa chokugwira, koma phompho kenako madzi akuya. Galimoto yokana kukhota pamenepo siikanabwereranso ndi mwini wake. Ine ndi amene ndinayenera kunena eya kapena ayi.

Buku lija linkanena kuti choyamba uyeze kulemera kumene tayala lililonse likusenza, kuti la kumanja ndi la kumanzere asasiyane kwambiri. Likapepuka limodzi, umamanga nati ya pansi pa sipuling'i yake kuti lisenze zambiri. Azungu ankachita zimenezi ndi masikelo apadera. Ife tikanawatenga kuti? Koma ndinakumbukira kuti tili pa esiteti ya tiyi, pamene masikelo ali ponseponse. Ndinapempha anayi, aja apansi a thabwa lachitsulo okhala ndi miyala yake yopachika. Awiri anachokera ku fakitale, awiri ku mashedi oyezera masamba, poti nyengoyo masamba anali ochepa. Ndinatha theka la tsiku ndikuwalinganiza ndi matabwa kuti akhale mulingo umodzi. Nditamaliza ndinajambula choko mozungulira iliyonse n'kulengeza kuti wosuntha sikelo ngakhale pang'ono aona polekera. Pamipando ndinaika matumba a feteleza m'malo mwa Che Yasini ndi mnzake wowerenga mapu. Ndinadziona wanzeru kwambiri tsiku limenelo.

Masikelo ananena kuti tayala la kutsogolo kumanzere lapepuka. Ndinamanga nati. Linapepukabe. Ndinamanganso, ndi kumanganso, mpaka manambala anagwirizana bwinobwino ngati a m'buku.

Lachiwiri Che Yasini anapita kukaiyesa pamsewu wa kuseri kwa fakitale. Anabwerera akupukusa mutu.

"Achimwene, galimotoyi ikundinyoza. Ndikati kumanja, mphuno ikungopita kutsogolo. Ndikati kumanzere, matako akuvina tchopa."

Tamvani zimenezo! Ine ndikufuna nambala, munthu akundiuza za gule. Madalaivala onse ndi amodzi, ngakhale awo a pafoniwo. Samanena kuti vuto lili apa, amangoti ikundikana, ikundithawa, siikundimvera, ngati akunena za mkazi. Wekha uzimasulira. Ndinamuuza kuti masikelo akuti zonse zili bwino, mwina matayala. Tinachepetsa mpweya. Inayamba kugwira pang'ono koma chiwongolero chinalemera. Tinawonjezera. Inayamba kudumpha pa timiyala tonse ta mumsewu. Ndinamangira chingwe kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kuti ndione ngati matayala alunjika, ndipo anali olunjika.

Lachitatu kunagwa chiperoni. Mukuchidziwa chiperoni cha kuno, nkhungu ndi kamvula kosatha, dothi lofiira n'kusanduka sopo. Zonse zimene tinayesa dzulo lake zinapita pachabe, chifukwa galimoto ya pouma si galimoto ya ponyowa. Ndinafewetsa masipuling'i onse kuti igwire m'matope. Lachinayi dzuwa linawala ngati silinachimwepo, msewu n'kuuma, galimoto n'kumakhula mimba pa mabampu. Ndinabwezeranso zonse. Ndinaponya sipanala kukhoma tsiku limenelo, ndipo ndikuganiza kuti chipsera chake chikadalipo. Pa zonsezi chinthu chimodzi sichinasinthe: ikafika pokhotera kumanja, inkakana.

Madzulo a Lachinayi lomwelo, dzuwa likadalipo, Che Yasini analowa nayo m'munda wa tiyi. Inali kona yaing'ono ya kumanja, yopanda phompho. Galimoto inangolunjika n'kuthyola mitengo ya tiyi isanu ndi umodzi, kapitawo wa mundawo n'kubwera akukalipa ngati tapha ana ake. Che Yasini anatuluka m'galimoto. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Pakanakhala pa damu paja," anatero, osamaliza.

Ine m'malo mochita mantha ndinakwiya. Ndinamuuza m'maso kuti mwina vuto si galimoto, mwina ndi manja ozolowera malole. Ndinakweza galimoto pa masikelo iye akuona, n'kumuonetsa manambala. Onse anali m'malo mwake. Anayang'ana, n'kugwedeza mutu, chifukwa anali munthu waulemu.

"Mwina ndi ineyo, achimwene. Mawa ndikupita ku Juma. Ndikachoka kumzikiti ndidzera pano. Mudzandiuze, eya kapena ayi."

Ana inu, chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinali wokonzeka kunena eya. Ndinali ndi buku, ndinali ndi manambala, ndipo kunena ayi kunali kuvomera pamaso pa galaja yonse kuti Lingisoni walephera. Munthu anali atandiuza ndi thupi lake kuti galimoto ikufuna kumupha, ine n'kumakhulupirira chitsulo. Mtima unkandichenjeza, koma ndinkauuza kuti ukhale chete.

Lachisanu chakumasana agogo anu aakazi anabwera ku galaja ndi chakudya. Nthawi imeneyo anali wotchola tiyi, dengu kumsana kuyambira m'mawa. Sankabwerabwera ku galaja, ankati kumanunkha dizilo, koma sabata imeneyo ndinkaiwala kudya. Anabweretsa kalongonda, mtundu uja wa nyemba zolimba. Inu mukamuona mumakwinya mphuno, simudziwa kuti amaphikidwa tsiku lathunthu, kutaya madzi n'kuthiranso ena, ndipo wophika mothamanga amadwalitsa banja lonse. Anaika mbale pa benchi, n'kuima, akuyang'ana pansi pa galimoto.

"Bambo a Rute, sikelo iyi mwaitenga kuti?"

"Iti?"

"Iyi ya kutsogoloyi, yothyoka pangodya. Si ya ku shedi ya kumunsi imeneyi?"

Ndinati inde, nanga bwanji.

"Imeneyi imadya."

Ndinapsa mtima. Ndinali ndi maola awiri okha, munthu akubwera kudzamva za moyo wake, ndipo apa ndikuuzidwa nkhani za kumunda. Ndinati, "Mayi a Rute, chonde, izi ndi za amisiri. Sikelo ilibe pakamwa."

Agogo anu mumawadziwa, akatsitsa mawu ndiye kuti zinthu zavuta. Anangoti, "Tatsitsani galimotoyo." Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinaikankhira kumbuyo. Iwo anavula nsapato, n'kukwera pa sikelo yoyamba, ya ku fakitale. Ndinasuntha mwala. Makilo sikisite. Anakwera yachiwiri, sikisite. Yachitatu, chimodzimodzi. Anakwera ya ku shedi ya kumunsi ija, manja ali m'chiuno, akundiyang'ana. Fifite-folo.

"Ndaonda poyenda kuchoka apo kufika apa?" anandifunsa.

Anthu a m'galaja anayamba kutsokomola, ena kutuluka panja kukasekera kumeneko. Ine ndinatenga miyala ya sikeloyo n'kuitembenuza. Kunsi kwa uliwonse kunali kabowo, ndipo m'mabowomo munali mothiridwa mtovu wowonjezera. Apa mpamene agogo anu anandifotokozera zimene wotchola tiyi aliyense pa esitetiyo ankazidziwa kupatula ine mkulu wa galaja. Nyengo ya mvula masamba amabwera onyowa, ndiye kale kwambiri wina ku shediko analemeretsa miyala kuti sikelo izichotseratu kulemera kwa madzi. Mvula inatha, mtovu unakhala. Chilimwe chinabwera, mtovu uli pomwepo. Pa makilo khumi alionse, sikeloyo inkameza imodzi, kaya masamba ndi onyowa kaya ouma.

Tsono taganizani. Dengu la tiyi ndi lopepuka, koma ngodya ya galimoto ndi makilo mazana. Sikelo ija inkandinamiza kuti tayala la kumanzere lapepuka, ine n'kumamanga nati, n'kumalisenzetsa katundu amene silinkafunika. Galimoto inali itaima ngati tebulo la mwendo umodzi wautali. Ndipo sabata yonse sindinasinthanitse masikelo ngakhale kamodzi, chifukwa cha choko changa chija ndi lamulo langa lomwe. Ndinasintha mpweya, masipuling'i, ndinakayikira matayala, nyengo, ndi manja a munthu wosalakwa, koma chinthu choyezera sindinachikayikire.

Ndinati, "Nanga bwanji simunandiuze kale?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuvala nsapato zawo, n'kumapita. Mbale anaisiya.

Ndinatenga tchizulo n'kugoba mtovu uja m'miyala yonse mpaka inafanana ndi ya ku fakitale. Inali ntchito ya mphindi khumi. Nditakwezanso galimoto, manambala enieni anandichititsa manyazi. Ndinamasula nati ija, kuzungulira ndi kuzungulira, thukuta lili kamukamu, kenako n'kuyambiranso ngodya zinazo chifukwa ukakhudza imodzi zonse zimasuntha. Che Yasini anafika atavala mkanjo wake woyera, ine ndili pansi pa galimoto.

"Achimwene, eya kapena ayi?"

Ndinatuluka n'kumuuza zonse, osabisa. Ndinamupepesanso pa mawu aja a malole. Ndinati sindiyankha mpaka akaiyese, ndipo ulendo uno ndikwera naye, kuti ikalunjika tilunjikire limodzi. Anavula mkanjo, n'kuupinda bwinobwino, tinachotsa matumba a feteleza. Pa kona imene anathyola tiyi paja ndinatseka maso, ndisakunamizeni. Ndinangomva thupi likukankhidwira ku chitseko, galimoto ikukhota mwaulemu, Che Yasini akufuula, "Yamva! Achimwene, yamva!" Tinabwereza kanayi. Kenako ndinanena eya, ndipo mawu anatuluka aang'ono.

Musaganize kuti inakhala yangwiro. Pa mabampu inkadumphabe, ndipo nthawi yoikonza inali itatha. Galimoto ya mpikisano siimalizidwa, umangoisiya chifukwa tsiku lafika. Tadala, ukumva? Ndi zimene zikuwachitikira anthu ako a pafoniwo.

Loweruka sindinapite poyambira kapena pomalizira. Ndinakaima pamwamba pa damu, pakona ija, pakati pa anthu otchola tiyi amene anabwera kudzaonera. Inadutsa galimoto yoyamba, yachiwiri, fumbi kutsamwitsa. Nditamva kulira kwa injini yathu kumtunda, ndinakhala pansi m'ngalande. Inatulukira ikutsetsereka, liwiro lake loopsa, mphuno italoza kumadzi. Ndinaona matayala akutsogolo akutembenuka. Ndipo galimoto inawatsatira. Inazungulira kona yonse, miyala ikugwera m'damu, n'kukwera chitunda, n'kuzimiririka m'tiyi. Anthu anakuwa. Ine ndinalira, mkulu wa galaja, misozi kusakanikirana ndi fumbi.

Sanapambane, musayembekeze zimenezo. Anamaliza chakumapeto, koma anamaliza, ndipo anapita kwawo ku Bvumbwe kukadya ndi ana ake asanu.

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka, chifuwa chili patsogolo. Ndinapeza agogo anu atakhala pakhonde, akudzisisita mapewa pamene malamba a dengu ankadutsa. Pamenepo khungu linali lakuda ndi lolimba, ndipo ndinali nditazolowera kuliona moti sindinkalionanso. Ndinayamba kufotokoza mmene galimoto inakhotera, mmene ndinamasulira nati, mmene ndinapulumutsira munthu. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatopa.

"Bambo a Rute, mtovu uja munauchotsa nthawi yaitali bwanji?"

Ndinati mphindi khumi, mwinanso osakwana. Ndinanena monyadira.

"Mphindi khumi." Anagwedeza mutu. "Dzulo munandifunsa kuti bwanji sindinakuuzeni. Ine ndatula dengu pa sikelo imene ija zaka khumi ndi chimodzi. Chaka choyamba ndinakuuzani, munati sikelo sinama. Ndili ndi pakati pa Rute ndinakuuzani, munati ndikuchedwa kutchola. Kenako ndinasiya. Ife tonse a kumunsi misana yathu sinakwane kuti mutembenuze mwala umodzi. Panafunika galimoto."

Analowa m'nyumba, ine ndinatsala pakhonde ndi mafuta m'manja.

Rute ameneyo ndi mayi ako, Mphatso. Agogo anu ali kuseriko akutola nandolo, mukhoza kukawafunsa ngati ndawonjezera. Nkhani ya galimoto adzakuuzani kuti anaiwala, koma zaka khumi ndi chimodzi zija sanachotsepo ngakhale tsiku limodzi.